Zovala za Tesara

Tabita anapeza botolo lina Lachiwiri m'mawa, akuchotsa zofunda za mwana wake kuti akaziyanike. Linali kuseri kwa matiresi, lokulunga m'sokosi. Analizindikira asanalitulutse n'komwe, chifukwa cha fungo. Anali mankhwala ophera anankafumbwe, omwe mwamuna wake Nedson anakhala akuwafunafuna sabata yonse kuti athire m'chimanga.

Nthawiyo Rejoice anali kubafa, akusamba atakhala pa kampando kamene bambo ake anamukhomera. Tabita anabisa botololo m'chitenje, n'kukaliponya m'chimbudzi. Kenako anakakhala pamwala kuseri kwa chigafa. Misozi sinabwere, ndipo pemphero linamukanika.

Rejoice anali ndi zaka makumi awiri. Ankaphunzira zamakompyuta pa koleji ina ku Lilongwe, ndipo anali woyamba m'banja lawo kufika patali chotero. Pa tchuthi cha Khirisimasi, akuchokera kwa azakhali ake ku Msakambewa, njinga yamoto imene anakwera inaterereka pamatope potsetsereka n'kulowa pansi pa lole. Madokotala anamudula mwendo wamanzere m'munsi mwa bondo. Chibwerereni kunyumba mu Febuluwale, mtsikanayo sanadutsepo mpanda wa pakhomo. Ndodo zoyendera zimene anamupatsa kuchipatala zinangoima kuseri kwa chitseko. Amayi a Chigwirizano atabwera kudzamuona, anatembenukira kukhoma mpaka anachoka. Abusa nawo anabwerera pakhomo. Chimene ankachigwira chinali foni basi. Tsiku lonse zala zinali pagalasi la foniyo, ndipo m'chipindamo munkamveka timaphokoso ta malupanga ndi mabingu.

Tabita anakamuuza Nedson m'chigafa, momwe ankasankha fodya. Bamboyo anasiya tsamba limene linali m'manja. Atadzuka anazungulira nyumba yonse akutolera mipeni, zingwe, zikwanje ndi mankhwala a ng'ombe, n'kukazitsekera m'bokosi. Awiriwo anagwirizana kuti kuyambira tsikulo mmodzi wa iwo azikhala pakhomo nthawi zonse. Za kumufunsa mwanayo, onse awiri anaopa.

Tabita anali telala. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri makina ake opondera ankakhala pakhonde la golosale ina pa Madisi, moyandikana ndi shedi ya a Yoswa owotcherera zitsulo. Tsiku limenelo anapitako, koma sanavundukule makina. Anatulutsa buku lakuchipatala la Rejoice, pomwe kumbuyo kwake kunalembedwa nambala ya Diana, mnzake amene ankagona naye chipinda chimodzi kukoleji, n'kumuimbira.

Diana anati papita miyezi itatu Rejoice osayankha mauthenga ake, koma amamuona tsiku lililonse kuti ali mu gemu ina ya pafoni. Tabita atafunsa kuti gemuyo ili ndi chiyani chogwira munthu chonchi, mtsikanayo anafotokoza pang'onopang'ono. Anati mu gemumo muli mkazi wankhondo dzina lake Tesara, ndipo Rejoice amasewera ngati iyeyo. Kukoleji anali ndi kagulu kawo kokonda kusoka zovala za anthu a m'magemu n'kuzivala. Zimenezi amati kosipuleyi. Kamodzi pachaka magulu otere amakumana muholo ina mumzindamo, aliyense atavala munthu wake. Rejoice anakhala chaka chathunthu akusunga zithunzi za Tesara. Ankafuna kupempha mayi ake kuti amusokere zovala za Tesarayo, koma ankachita manyazi, poganiza kuti amuseka. Msonkhano wa chaka chino unali Loweruka la sabata yotsatira.

Tabita anamuuza za botolo. Diana anati Rejoice akufunika kukaonana ndi anthu a uphungu kuchipatala, asachedwe. Tabita anayankha kuti zimenezo akuzidziwa, koma munthu wokana kufika ngakhale pakhonde ungakamufikitse bwanji kuchipatala? Ali mkati molankhula, maganizo anamubwerera. Anapempha Diana kuti amutumizire zithunzizo.

Foni ya Tabita inali yamabatani, choncho zithunzi zinafikira pa foni ya a Yoswa, n'kukazisindikiza pamapepala. Tabita anaziyala pamakina. Tesara anali mkazi wamtali, wovala chijasi chofiira moderako chofika m'akakolo, chong'ambikang'ambika m'munsi. Pachifuwa panali chachitsulo chokhala ndi mizere ngati nthiti, m'mapewa zishango ziwiri zosongoka, m'chiuno lamba wa timatumba tisanu ndi tiwiri. Kumaso anali ndi chophimba cholekeza pamphuno, cha nyanga ngati za gwape. Nsapato zake zinali zakuda, zofika m'mawondo. Pa nsapatozo Tabita anayang'anapo nthawi yaitali, kenako anapinda pepalalo.

Pamoyo wake anasokapo mayunifolomu, madiresi a ukwati, masuti a kwaya, ngakhale nsalu zokutira mabokosi a maliro. Chinthu chotere anali asanachionepo. A Yoswa anasuzumira napukusa mutu, nati zimenezi n'za kufakitale, osati za pakhonde. Tabita anawauza chifukwa chake. Bamboyo anavula magalasi ake akuda owotcherera, n'kufunsa kuti ayambire pati.

Kumuyeza Rejoice kunali kosatheka popanda kuulula. Tabita anatenga diresi lake lakale, koma mwanayo anali atawonda kwambiri. Ndiye pomupatsira madzi osamba ankamuyeza ndi maso, mapewa, chiuno, mikono, n'kukachotsa zala ziwiri pa muyezo uliwonse wa diresilo. Pa tsiku la msika anavundula milu yonse ya kaunjika mpaka anapeza makatani awiri olemera a mtundu womwe ankafuna. Chijasi sichinamuvute. Anachidula Lachinayi, pofika Lachisanu masana chinali chitaima. Chomupweteka mtima chinali kung'amba m'munsi mwadala, iye amene moyo wake wonse ankapinda nsalu kuti zisanyenyeke.

Chapachifuwa ndicho chinamusautsa. Poyamba anadula katoni n'kuikuta ndi nsalu yotuwa, koma itangopindika kamodzi inaoneka ngati chikuto cha kope la mwana. Anaitaya. A Yoswa anabweretsa zigubu ziwiri zamafuta ophikira, anazidula ndi sowo, ndipo awiriwo ankazifewetsa pambaula n'kumazipinda pa chitsa mpaka zitatenga maonekedwe a chifuwa. Pulasitiki ina inasungunuka n'kumudontheza Tabita pachala chamkombaphala. Anangomangapo kansanza.

Anayesa kulumikiza pulasitikiyo ndi nsalu pamakina. Singano yoyamba inathyoka, yachiwiri, mpaka yachisanu. Pa yachisanu ndi chimodzi lamba wa makina anaduka. Linali Lolemba, kutatsala masiku asanu. Tabita anagwira mutu wa makinawo ndi manja awiri, n'kutsamirapo chipumi. Anthu odutsa ankaganiza kuti akudwala. Patapita kanthawi analumikiza lambayo ndi kawaya, koma pulasitiki sanaibwezerenso pamakina. Anayamba kuboola timabowo ndi msomali wamoto, kamodzikamodzi, n'kumasoka pamanja ndi singano yosokera matumba. Chala chopsa chija chinatupa n'kuyamba mafinya. Ankagwira singano ndi zala zinazo.

Chovuta kuposa zonsezi chinali njira yobwerera kunyumba. Dzuwa likapendeka ankalongedza zonse m'thumba la feteleza, n'kuyamba kukwera chitunda cha kumudzi kwawo, mphepo ya mu Juni ikumuwomba kumaso. Akamayandikira ankatchera khutu ngati kukumveka kulira kwa anthu. Akaona utsi wamba pakhomo ndi Nedson atakhala pakhonde, mpweya unkabwerera. Ankapita kukaima pachitseko cha Rejoice mpaka atamva timaphokoso ta gemu tija. Phokoso limene kale linkamunyansa tsopano ankalidikira ngati mvula.

Lachiwiri anaumba chophimba kumaso. Nyanga anazipanga ndi waya wokulungiza nsanza ndi ulimbo wa matabwa, ndipo a Yoswa anazipopera penti yasiliva yotsala pa mawindo a munthu wina. Anaziyanika padzuwa pafupi ndi msewu, osaganiza kanthu. Pofika madzulo Madisi yense anali atamva kuti mkazi wa Nedson, mkulu wa mpingo, akusokera zilombo za gule. Mayi wina anabwera kudzatenga nsalu zake za ukwati zisanadulidwe, osapereka ngakhale moni. Ana a sukulu ankaima patali n'kumaloza.

Nkhaniyo inamupeza Nedson kudzera mwa akulu anzake awiri, amene anabwera kunyumba kudzamufunsa mwaulemu ngati akudziwa zimene zikuchitika pakhonde paja. Tabita atafika anamupeza atakhala kuseri kwa chigafa, nkhope ili gwa. Bamboyo anati akufuna kuona chilichonse. Tabita anakhuthula thumba, nayala zithunzi pansi, n'kufotokoza monga momwe Diana anamufotokozera. Nedson ananyamula chophimba cha nyanga chija, nachitembenuzatembenuza.

"Ndiye zimenezi zimuchiritsa mwanayu?"

"Sindikudziwa, bambo a Rejoice. Ngati inu muli ndi njira ina, ndiuzeni, izi ndikazitentha pompano."

Nedson anadzuka. Analowa m'chigafa, natuluka ndi majombo ake akuda amene ankavala popita kudimba. Anawaika pafupi ndi chithunzi cha nsapato za Tesara, n'kunena kuti akawapukuta bwino akhoza kufanana. Za akulu ampingo anati aziona yekha.

Lachitatu lonse Tabita analimbana ndi majombowo. Anawadula pakamwa, nawasokerera timalamba. Pa jombo lamanzere anaganiza mpaka mutu unamupweteka. Pomaliza analidzaza ndi zigamba zolimba, naikamo kathabwa kuti liime, n'kusokerera malamba omangira pabondo. Ankati chijasi chikaphimba, palibe amene adzadziwe.

Lachinayi masana anabwerera msanga. Anasita chijasi ndi simbi yamakala, napempha Nedson kuti anyamule zina. Anagogoda n'kulowa. M'chipindamo munali mdima ngakhale kunja dzuwa linali likuwala, chifukwa Rejoice sankalola kutsegula windo. Tabita anayala zonse pabedi, chimodzichimodzi.

Rejoice anaika foni pansi. Anayang'ana chijasi, nagwira chapachifuwa, n'kuyendetsa chala m'mizere ija. Anawerenga timatumba ta palamba, milomo ikugwedera. Anafunsa motsitsa kuti wawauza ndani, ndipo mayi ake anati ndi Diana, n'kuwonjezera kuti msonkhano uja ndi mkuja, akhoza kukwera minibasi yam'mawa onse awiri. Kwa kanthawi nkhope ya mwanayo inakhala ngati ya kale. Kenako maso ake anagwera pa majombo. Ananyamula lamanzere, namva kulemera kwake, nasuzumira mkati.

Analiponya kukhoma mwamphamvu moti dothi linagumuka.

"Mukufuna mukandiimike pagulu ndi mwendo wa nsanza? Kuti anthu asaone chimene mwana wanu ali? Ngati ndikukuchititsani manyazi mungonena, amayi."

Tabita anayesa kufotokoza, koma Rejoice sanamupatse mpata. Anati aliyense akufuna iye ayerekeze kuti palibe chachitika, aseke, ayamike Mulungu kuti ali moyo, pamene iye akadzuka m'mawa amamvabe kuyabwa kuphazi limene kulibe. Anati atenge zinthu zawozo atuluke. Nedson anatuluka. Tabita anatsala, n'kugwada pansi pafupi ndi bedi.

"Botolo lija ndinalipeza, mwanangu. Ine sindidziwa kulankhula ngati abusa kapena adokotala. Chimene ndimadziwa ndi kusoka. Ndiye ndasoka. Ngati ndalakwitsa, ndalakwitsa ndi mantha."

Rejoice anaphimba nkhope ndi bulangete. Analira nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Mkati mwa kulirako ananena kuti sanali atatsimikiza kumwa, ankangofuna kuti likhale pafupi. Tabita anafuna kumugwira, koma mwanayo anasendera kukhoma. Mayiyo anatola jombo lija n'kutuluka nalo. Zina zonse anazisiya pabedi pomwepo.

Lachisanu Rejoice sanadye, ndipo gemu sinamveke. Tabita sanapite ku Madisi. Anakhala pamkeka pafupi ndi chitseko cha mwanayo tsiku lonse, akudziimba mlandu kuti watokosa bala limene likanapola lokha. Diana anaimba kufunsa ngati awadikire pa depoti, ndipo Tabita anamuuza kuti asavutike.

Loweruka linacha ndi nkhungu m'mapiri. Nthawi ya minibasi inakwana n'kudutsa. Chakumasana, Tabita akupeta nyemba pakhonde, anamva kaphokoso kuchokera m'chipinda chija, kaphokoso kamene khutu la telala silingakasokoneze ndi kena. Inali sizasi. Pomwepo anakumbukira kuti poyesa timatumba ta palamba anaikamo kasizasi kake kakuthwa kodulira ulusi, ndipo sanakachotse.

Lichero linagwa, nyemba n'kumwazika. Anakankha chitseko, koma chinali chopiringidza mkati. Anaitana dzina la mwana wake kawiri. Nedson anathamanga kuchokera kuchigafa, nachimenya ndi phewa mpaka chopiringidzira chinazuka.

Windo linali lotsegula. Rejoice anali atakhala pansi pomwe pankagwera kuwala, chijasi chili pamiyendo, zithunzi zili pambali, kasizasi kali m'manja. Ankadula ulusi umene unagwira chishango cha paphewa. Anayang'ana makolo akewo, nayang'ana chitseko chothyokacho, ndipo anamvetsa chimene ankaopa. Anaika kasizasiko pansi pang'onopang'ono, n'kukakankhira kwa mayi ake.

"Mapewa mwatembenuza," anatero. "Lalitalili limakhala kumanja, kumene amatchingira. Komanso kolala siikhala yogona chonchi."

Tabita anatsetsereka ndi khoma mpaka anakhala pansi. Apa m'pamene misozi ya masiku onse aja inabwera, ndipo sanathe kuiletsa. Nedson anaima pakhomo akusisita phewa, kenako anapita kukafuna hamala ndi misomali.

Masana amenewo anasomola mapewa onse awiri, mayi ndi mwana. Rejoice anaona chala chotupa chija, n'kufunsa kuti chinatani. Atamva, anati chikufunika kuchipatala chisanafike poipa. Tabita anati apita ngati Rejoice nayenso apita, akaonane ndi anthu a uphungu amene Diana ankanena. Rejoice anamaliza kaye msoko umene anali nawo. Kenako anati apita, koma pa njinga yamoto sakwera, ndipo pasapezeke womugwira mkono ngati nkhalamba.

Lolemba Nedson anamanga ng'ombe pangolo n'kuwatsitsira kumsewu waukulu. Kuchokera pamenepo Rejoice anayenda ndi ndodo zake. Sanazizolowere, moti anagwa kawiri asanafike pa geti la chipatala. Ulendo wachiwiri anakhala pansi nthawi yaitali, fumbi lili m'manja, anthu akumuyang'ana. Tabita anaima pambali atapinda manja m'chitenje, akudziletsa ndi mphamvu zake zonse. Mwanayo anadzuka yekha.

Tabita anatsukidwa bala la pachala n'kupatsidwa mapilitsi. Rejoice anakhala ola lathunthu m'kachipinda ndi namwino wina wachikulire, ndipo anatuluka maso ali ofiira, atapatsidwa tsiku lobwereranso. Zimene anakambirana sananene, mayi akenso sanafunse. Tabita ankadziwa kuti nkhondoyi sinathe, ndi kuti kudzakhalanso masiku otseka windo.

Pobwerera Rejoice anati akufuna kuona amene anapopera penti. Anafika pa shedi ya a Yoswa atatopa, thukuta lili kamukamu, n'kukhala pa chigubu. Atapereka moni anawauza kuti siliva wawoyo wawala kwambiri, chifukwa Tesara ndi munthu wa kunkhondo, zitsulo zake n'zothimbirira ndiponso zokandika. A Yoswa anati pa zaka zawo zonse sanamvepo munthu akudandaula kuti penti yawala. Rejoice anatulutsa foni kuti awaonetse. Bamboyo anaiyandikiza kumaso, nati mwina atapaka makala osakaniza ndi girisi zingatheke, koma mtsikanayo anati girisi adetsa chijasi, ndipo mkangano unapitirira.

Tabita anavundukula makina ake. Panali kabudula wa sukulu amene anakhala sabata ziwiri akudikira zipi. Analowetsa ulusi m'singano movutikira chifukwa cha bandeji, naika phazi pachopondera, n'kuyamba kusoka akumvetsera awiriwo akutsutsana.